Chilembo Choyamba cha Dzina la Umit

Tsiku lomaliza limene Orken anaona mlongo wake Umit ali moyo, awiriwo anakangana pa siteshoni ya sitima ya ku Ayagoz, ku Kazakhstan. Unali mmawa, mphepo ya Okutobala ikuwomba kuchokera kuchidikha popanda ngakhale mtengo woitchinga. Orken anali atanyamula chikwama cha Umit, chimene mayi awo anachidzaza nyama ya hatchi yofutsa ndi timibulu ta chambiko chouma ngati kuti ku Almaty kwagwa njala.

"Ndiye pulofesa wathu wabwerera kwawo," anatero Umit akumanga mpango m'khosi. "Chaka chimodzi chokha, nzeru zadzaza mutu mpaka kutayikira."

"Kumene kuja saphunzitsa kanthu, achemwali."

"Eya, aphunzitsi onse a ku Semey ndi mbuli, wanzeru ndiwe wekha. Mayi wawauza zimenezo, akhulupirira. Malume wawauza, akunamizira kukhulupirira. Ine undiuze zoona. Walephera phunziro liti?"

Orken anayang'ana njanji. Anali atalephera kawiri mayeso a kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta, ntchito yomweyo imene Umit ankadyera ku Almaty, ndipo akanalola kumeza mwala kusiyana ndi kumuuza zimenezo.

"Ndinakusungira kantchito mu pulogalamu ya malume," anapitiriza Umit. "Zilembo zathu zija zimatuluka zopinimbira. Ndinati adzakonza ndi iweyo."

"Konzani nokha. Si inu amene munalakwitsa?"

Umit anaseka, kuseka kwake kuja kotulukira m'mphuno. "Kamwa ngati lumo, mutu ngati dzungu. Tabwera kuno, Orkenjan, ndikununkhize pachipumi titsanzikane, sitima ikunyamuka."

Orken sanapite. Anapereka chikwama kwa mayi woyang'anira ngolo ya sitimayo, nabwerera m'mbuyo, manja m'matumba. Umit atakhala pansi anagogoda pawindo kawiri ndi mphete yake. Orken anamva, koma anatulutsa foni n'kumaiyang'ana ngati muli uthenga wofunika. Munalibe kanthu.

Patatha masiku asanu ndi anayi, galimoto inamugunda Umit akuwoloka msewu popita kuntchito. Mtembo wake anabwera nawo kwawo pa sitima yomweyo.

Kuyambira pamene anasiya koleji, Orken ankagwira ntchito kwa malume ake, a Baltabai, amene anali ndi shedi yosemera miyala ya ziliza kuseri kwa msika. Kwa zaka makumi atatu a Baltabai ankazokota mayina a akufa ndi tchizulo ndi nyundo. Kenako anagula makina ozokotera, akale koma olimba, ndipo Umit, ali wophunzira, ndiye anawalembera pulogalamu yoyendetsa makinawo pa tchuthi china. Munthu ankangolemba dzina pa kompyuta, makina n'kuyamba kuyenda okha pamwala, madzi akuthirira nsonga yake. Chilembo chachikulu ankachikweza msinkhu n'kuchikumba mozama kuti mudzalowe utoto wagolide, zazing'ono ankazidutsa mopepuka. Kompyutayo ikavuta, Umit ankailowa ali ku Almaty komweko kudzera pa intaneti, malume n'kumaonerera kamuvi kakuyenda kokha, akupukusa mutu.

Koma pulogalamuyo inali ndi chilema chimodzi. Zilembo zazikulu za Chirasha inkazidziwa zonse. Zathu za Chikazaki zisanu ndi zinayi zija, zimene Chirasha chilibe, sinkazizindikira kuti n'zazikulu. Dzina likayamba ndi Ә, kapena Қ, kapena Ө, chilembocho chinkatuluka chachifupi ndi chosazama, chofanana msinkhu ndi zinzake, ngati mkulu amene amukhazika pamphasa ya ana. A Baltabai sanadandaule. Ankasiya malo opanda kanthu kumayambiriro kwa dzina, makina akamaliza iwo n'kutenga tchizulo n'kuzokota chilembocho ndi manja.

"Bola chonchi," ankatero. "Wakufa aliyense alandireko dzanja la munthu."

Zinayenda choncho zaka zinayi. Ndiyeno m'nyengo ya mphukira, miyezi isanu ndi umodzi Umit atamwalira, a Baltabai anagwa pabwalo akutsegula geti. Anadzuka, anayambanso kulankhula ndi kutukwana monga kale, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera. Kuyambira pamenepo, anthu a mayina oterowo ankawatumiza mwakachetechete kwa wosema wina ku Semey.

Kukhoma la kumapeto kwa shedi kunatsamira mwala wofiira, wosalala ngati madzi, umene a Baltabai anadzisungira okha zaka makumi awiri. Kwathu kuno mwana wa mlongo sakanizidwa kanthu m'nyumba ya malume ake. Akaloza chinthu, ndi chake. Umit ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri analoza mwalawo.

"Uwu ndi wanga, malume."

"Tenga mpeni, tenga mwanawankhosa, tenga ngakhale akazi anga. Umenewu ndi pilo wanga."

Nthabwalayo inakhala ya chaka ndi chaka. Akabwera pa tchuthi, Umit ankausisita mwalawo n'kufunsa ngati malume akuusamalira bwino katundu wake. Tsopano, chaka chitatsala pang'ono kukwana, a Baltabai anaugoneka okha pa tebulo la makina osauza munthu, nazokotapo ndi makinawo mwezi ndi nyenyezi pamwamba. Sadaka ya chaka inali Loweruka. Achibale anali atayamba kale kufika, hatchi yoti iphedwe itagulidwa, shehe atauzidwa. Mwala unayenera kuima pamanda tsiku limenelo, ndipo mwala wotero unali umodzi wokha.

Dzina la Umit limayamba ndi chimodzi mwa zilembo zathu zija, Ү.

Lachiwiri a Baltabai anatenga chibenthu cha mwala, nachipana, natenga tchizulo. Orken anaima pakhomo akuonerera. Mzere woyamba unayenda bwino mpaka pakati, kenako tchizulo inaterereka n'kukanda mwala mpaka m'mphepete. Anayesanso pa chibenthu china. Kachitatu anaphonya n'kudzimenya chala. Anaika nyundo pansi pang'onopang'ono, ngati ingasweke.

Madzulo ake pa tiyi, mayi a Orken, a Zaure, atawathirira m'kambale, a Baltabai analankhula akuyang'ana nsalu ya patebulo.

"Mlongo wanga, pali njira. Tilembe ndi У ya Chirasha. Makina amaidziwa. Ambiri amalemba choncho, ngakhale ku Almaty anzake ena ankalemba choncho."

A Zaure anaika ketulo pansi. "Achimwene, tsiku limene mwana ameneyu anapatsidwa dzina munalipo. Bambo athu anamunong'oneza m'khutu katatu. Munamva akunong'oneza Chirasha?"

"Ndiye titumize ku Semey."

"Mwala wa mwana wanga akaugwire mlendo, malume ake ali moyo?"

"Malume ake ali moyo, dzanja lawo linafa!" A Baltabai analikweza dzanjalo kuti onse alione likugwedezeka. Kenako anatembenukira kwa Orken. "Nanga iwe, mphwanga? Chaka chathunthu ku koleji unkangodya mabanzi? Mlongo wako anati chilemachi n'chaching'ono."

"Sindinafike pamenepo," anatero Orken.

Linali bodza. Anafikapo, ndipo ndi pomwepo pamene anagwera.

Lachitatu anatsegula pulogalamuyo. Chaka chonse ankaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma mkati mwake anali asanasuzumiremo, monga momwe sankalowera m'chipinda cha Umit, m'mene chikhoti chake chobiriwira chinali chikadapachikidwa pakhoma kudikira sadaka.

Mkati mwa kompyuta chilembo chilichonse ndi nambala. Chilembo cha Chingerezi chimakwana m'kabokosi kamodzi, koma chathu chimafuna tiwiri, ndipo ukasuzumira m'kabokosi kamodzi umangoona theka la chilembo. N'chifukwa chake pali bokosi lotakata, lonyamula chilembo chonse chathunthu. Umit ankazitcha zilembo zonenepa, zokhala mipando iwiri m'basi. Mbali imeneyo anali ataikonza bwino: dzina lililonse linkasamutsidwira m'mabokosi otakata lisanapite kwina. Chilema chinali patsogolo pang'ono, pa mizere isanu ndi umodzi yofunsa ngati chilembo chili chachikulu. Zilembo zazikulu za Chirasha zinafola pamzere umodzi, nambala zake zotsatana kuyambira А mpaka Я. Ndiye Umit, pofulumira, anangolemba kuti nambala ikakhala pakati pa apa ndi apo, chilembocho n'chachikulu. Zathu zija zinaikidwa kwina, kunja kwa mzerewo, ngati achibale osauka pa ukwati.

Pamwamba pa mizereyo panali mawu amene makina sawerenga, olembera munthu amene adzabwere pambuyo. Umit ankawasiya paliponse, ndipo aliwonse ankawaika tsiku lake. Awa anali a zaka zinayi zapitazo:

"Izi ndalemba mwaulesi, Mulungu andikhululukire. Pali chida chopangidwa kale, dzina lake iswupper, chimene chimadziwa zilembo zonenepa zonse. Orken adzakonza akadzafika ku koleji. Asadye zaulere."

Pansi pake panali mzere wina. Orken anayang'ana tsiku lake, nawerengera pa zala ngati mwana. Unalembedwa patatha masiku atatu kuchokera mmawa uja wa pa siteshoni.

"Orkenjan, ntchito iyi sifunsa satifiketi. Ndikudikira."

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linachoka pawindo. Chaka chathunthu mawuwo anali m'kompyuta imene ankaigwira tsiku lililonse ndi manja afumbi. Mkwiyo unamubwerera poyamba, chifukwa mkwiyo ndi umene unkafulumira kufika masiku amenewo. Munthu wanji amene amasiya uthenga pamalo pamene akudziwa kuti mnzake akuopa kupondapo? Akanaimba foni. Kenako anakumbukira kuti anaimbadi, kawiri, sabata yomweyo, ndipo iye anaisiya foniyo ikulira pa tebulo la makina mpaka inatopa.

Chofunika kuchita ankachidziwa. Kufufuta mizere isanu ndi umodzi ija, n'kuikapo umodzi. Anaika chala pa batani lofufutira. Mizereyo inali yolakwika, koma inali yolembedwa monga momwe Umit ankalankhulira, mofulumira, modumpha, ndi mayina oseketsa. Bokosi losungira chilembo analitcha "mlendo". Yankho analitcha "bwana_kapena_ayi". Orken anachotsa chala, nazimitsa kompyuta.

Lachinayi mmawa nyumba yonse inadzaza fungo la mafuta. A Zaure ankakazinga mikate yopyapyala isanu ndi iwiri, monga ankachitira Lachinayi lililonse, kuti fungo likafike kwa amene anapita. Orken anakhala pa mpando wa kukhitchini osavula chipewa.

"Wakonza?" anafunsa mayi ake osatembenuka.

"Kuti ndikonze ndiyenera kufufuta zimene analemba achemwali."

"Zinali zolondola?"

"Ayi."

"Ndiye ukulirira chiyani?"

"Ndi zawo, mayi."

A Zaure anatembenuza mkate ndi foloko, naudikira kuti ufufume. "Loweruka ndikutsitsa chikhoti chija. Ndikupereka kwa mwana wa a Kulpash, anansi athu aja, ali ndi msinkhu womwewo. Ndidzakumana nacho pamsika chikuyenda, chikugula anyezi. Ukuganiza kuti ndikufuna?" Anawuula mkatewo, nauika pamwamba pa inzake. "Tenga uwu ukawapatse malume ako. Ndipo uvule chipewa m'nyumba mwanga, sunakulire m'khola."

Ku shedi Orken anayatsa kompyuta. Sanafufute kanthu. Kumayambiriro kwa mzere uliwonse wa Umit anaikako timizere tiwiri topendekeka, chizindikiro chouza makina kuti apa dumphani, si panu. Mizereyo inasanduka yotuwa, koma inakhalabe pomwepo, yowerengeka. Pansi pake analemba wake umodzi, woitana iswupper kuti iyang'ane mlendo n'kunena ngati ndi bwana kapena ayi. Pulogalamu inalandira popanda kudandaula. Kwa nthawi yoyamba m'chaka chimenecho anamva kanthu kena konga kunyada.

Panatsala kuyesa. Pulogalamuyo inalibe poonetsera chithunzi, inkangotumiza dzina ku makina basi. Anapana chibenthu chakuda pambali pa mwala wofiira uja. Pankafunika dzina loyamba ndi chimodzi mwa zilembo zathu, ndipo loyamba kubwera m'mutu linali lake, limene limayamba ndi Ө. Analilemba, nadina batani. Makina analira, madzi anayamba kuthira, nsonga inayamba kutsika.

A Baltabai ankadutsa kumbuyo kwake akutafuna mkate uja. Anayang'ana pa kompyuta. Orken sanadziwe kuti munthu wokalamba angathamange choncho. Anamenya batani lofiira lozimitsira ndi chibakera, nsonga n'kuima kutatsala kadanga konga chikhadabo kuti ikhudze mwala. Kenako ndi dzanja lomwelo lonjenjemera anamuwomba Orken khofi kuseri kwa khutu, chipewa n'kugwa.

"Wapenga? Galu iwe, wapenga?"

"Ndimangoyesa, malume, ndi chibenthu chabe..."

"Chibenthu! M'shedi muno dzina la munthu wamoyo silikhudza mwala. Zaka makumi atatu silinakhudzepo! Anabwera kuno mkulu wa njanji, akufuna ndimukonzeretu wake ali moyo, ndinamuthamangitsa ndi tsache. Mayi ako aika mmodzi m'nthaka. Ukufuna Loweruka ndikaimike miyala iwiri?"

Anatola chipewa chija, nachikuntha fumbi pa bondo, namuveka Orken mokhotakhota. Kenako anakhala pa bokosi la zida, akupuma mwamphamvu.

"Fufuta," anatero. "Fufuta ndione."

Orken anafufuta chilembo chimodzichimodzi iwo akuyang'ana.

"Poyesa timabwereka dzina kwa amene anagona kale, iwo alibe choopa. Lemba Usen. Mbusa uja wa kutsidya kwa mtsinje, anamwalira chaka chija cha chipale chofewa chochuluka. Chilembo chake choyamba ndi chomwecho cha mlongo wako, ndinachizokota ndekha. Anali munthu wofatsa, sangakwiye."

Orken analemba, nadina. Nsonga inatsika, inayenda, madzi otuwa anayenderera pa tebulo. Itamaliza, a Baltabai anapukuta chibenthucho ndi chiguduli.

Chilembo choyamba chinali chachifupi ndi chosazama, monga kale.

Onse awiri anayang'ana mwala wofiira uja, umene unali pambali pomwepo. Orken anali ataganizapo zoyamba ndi umenewo, kuti malume akamabwera apeze ntchito yatha.

"Ndinakuuzani," anatero Orken. "Ndinalephera. Simunadziwe? Sindinasiye koleji chifukwa saphunzitsa. Ndinalephera zomwezi, kawiri. Achemwali anasankha munthu wolakwika woti amudikire."

"Tonse tikudziwa kuti unalephera," anatero a Baltabai. "Mayi ako akudziwa. Wogulitsa mavwende pa geti akudziwa. Iwe wekha ndiye umayesa chinsinsi." Anadzuka, natenga chibenthu china pa mulu, nachiponya pa tebulo. "Zibenthu ndili nazo zambiri. Akufa ndili nawo ambiri. Chimene ndilibe ndi Loweruka lina."

Orken anakhalanso pansi. Ku koleji ankati akalakwitsa amasintha apa, kusintha apo, mwaphuma, kufikira nthawi itatha. Tsopano manja ake anali olemera, osafuna kuthamanga. Anatsegula malangizo a iswupper, tsamba limodzi louma, naliwerenga kuyambira pamwamba, liwu ndi liwu, ngati kalata ya kumaliro. Dzina analemba bwino. Bokosi linali lotakata monga pafunikira. Anawerenga kachiwiri. Kumunsi kwenikweni, pamene maso ake anali atadumpha ulendo woyamba, panali chiganizo chimodzi: yankho la chida chimenechi limadalira dera ndi chinenero chimene pulogalamu yauzidwa kuti ikugwiramo ntchito.

Anafufuza pulogalamu yonse kuyambira mzere woyamba. Panalibe pamene inauzidwapo. Mizere yakale ya Umit sinkafuna zimenezo, inkangoyerekeza nambala. Koma iswupper ikapanda kuuzidwa, imakhala ngati ili pamalo opanda dzina, ndipo zilembo zazikulu zimene imavomereza ndi za Chingerezi zokha. Anayang'ananso chibenthu cha Usen, thukuta n'kumutuluka. Mmene zinalili pamenepo, ngakhale zilembo za Chirasha zikanatuluka zopinimbira. Anali ataiwononga pulogalamuyo kuposa mmene anaipezera.

Pamwamba penipeni, pamene pulogalamu imayambira, analemba mzere umodzi woiuza kuti ili ku Kazakhstan ndipo mayina ndi a Chikazaki.

"Wapeza chiyani?" anafunsa a Baltabai.

"Imafunika kuuzidwa kumene ili."

"Ndiye zaka zinayi zonsezi chimakinachi chikudya magetsi anga, sichikudziwa kuti chili ku Ayagoz?"

"Sichinkadziwa."

"Ngati ana a masiku ano. Bwerekanso Usen."

Nsonga inakwera pamwamba kuposa poyamba, inatsika mozama, kulira kwake kunasintha kukhala kwa besi. Atapukuta, chilembocho chinaima chachitali pamwamba pa zinzake, mikono iwiri itatambasukira kumwamba, mwendo umodzi wowongoka. A Baltabai sanayamikire. Analowetsa chala mumng'alumo, nayeza kuzama kwake.

"Chimodzi si umboni," anatero. "Lemba Abish, wokonza mawotchi."

Masana onse anabwereka mayina. A Baltabai ankawatchula kuchokera m'mutu, aliyense ndi ntchito yake ndi imfa yake: Galiya mzamba, Kabdesh woyendetsa sitima amene anafa atangopuma pa ntchito, Omirzak amene ankabera pa masewera a makadi, Ulbala amene anafikitsa zaka zana. Anabwerekanso Stepan, Mrasha wa ku positi, kuti aone ngati zilembo za Chirasha sizinakhumudwe. Pomaliza analemba zonse zisanu ndi zinayi pamzere, zazikulu ndi zazing'ono, popanda dzina la munthu. Zibenthu zinafola pansi m'mbali mwa khoma. Palibe chimene chinapinimbira. Asanatseke shedi, a Baltabai anatambasula manja nawapempherera onse amene anawabwereka, ndipo Orken anatambasula nawo.

Asanazimitse kompyuta, anabwerera pa mawu aja a Umit. Anaganiza zoyankha pansi pake. Analemba chiganizo, nachifufuta. Analemba china chachitali, chopepesa, nachifufutanso, chifukwa Umit akanachiseka. Pomaliza anangolemba kuti, "Ndakonza, achemwali. Munaiwala kuiuza kumene ili." Anaikapo tsiku, monga mwa chizolowezi cha mwini wake.

Lachisanu mmawa a Zaure anabwera ku shedi, kumene anali asanapondeko chiyambire maliro. Anaima pakhomo ndi mpango wawo wakuda, osalowa kwenikweni. A Baltabai anayeza mwala wofiira kanayi, anamanga zopanira, anazimasula, anazimanganso. Orken analemba dzina lonse, la Umit ndi la bambo awo, ndi mizere iwiri ya masiku pansi pake. Anawerenga mokweza. Malume ake anawerenga ndi magalasi. Mayi ake anayandikira, nawerenga milomo yokha ikugwedezeka, kenako anagwedeza mutu.

"Dina, mphwanga," anatero a Baltabai.

"Dinani inu, malume. Mwala ndi wanu."

"Unali wanga liti? Anauloza ali ndi mano awiri ogweluka. Dina."

Anatchula dzina la Mulungu onse atatu, ndipo Orken anadina.

Nsonga inayenda kupita kumanzere, inaima, inakwera. Orken anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ankadziwa kuti zibenthu zonse zija sizinganame, komabe sanachotse maso pa nsongayo. Nsonga inatsika n'kuluma mwala, ndipo madzi amene anayenderera anali ofiirira. Inakoka mkono woyamba, inabwerera, inakoka wachiwiri, kenako inatsetsereka ndi mwendo mpaka pansi. A Baltabai sanadikire kuti ifike pa chilembo chachiwiri. Anaimitsa makina, anapukuta ndi mkono wa malaya awo, nayendetsa chala chonjenjemera chija kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Ine ndikanachipendeketsa pang'ono mkono wa kumanja," anatero. "Koma chili bwino."

Anatenga tchizulo yaing'ono m'thumba, naiika m'dzanja la Orken, nakulunga zala zake pamwamba. "Pakona apa patsala kachibenthu. Chotsa. Pang'ono pokha, usachite ngati ukuswa nkhuni. Alandireko dzanja la munthu."

Orken anawerama. Anagogoda kawiri, mopepuka, ndipo kachibenthuko kanadumpha. Phokoso lake linali ngati la mphete pa galasi. Anakhala chiweramire nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo inkafuna, ndipo palibe amene anamufulumizitsa.

Atayatsanso makina, a Zaure anakhala pa bokosi la zida, manja pa maondo, akuonerera dzina la mwana wawo likutuluka chilembo ndi chilembo. Kunja ngolo ya mavwende inadutsa, mwini wake akuitanira malonda. Nsonga inamaliza dzina, inamaliza la bambo, inatsikira pa mzere wa tsiku lobadwa. Manambala alibe aakulu kapena aang'ono, ndipo inawadutsa mofulumira, onse msinkhu umodzi. Kenako inasunthira pa mzere womaliza, wa tsiku lomwalira.

18 Okutobala 2022.